Mgonero wa Alendo m'Misika ya Seoul

Dzuwa likapendeka mumzinda wa Seoul, likulu la dziko la South Korea, pa makomo otulukira ku sitima za pansi pa nthaka pamaima timagulu ta anthu osadziwana. Wina wachokera ku Germany, wina ku Australia, wina ndi mtsikana wa ku Singapore amene akuyenda yekha. Onsewa alipira kale ndalama, ndipo akudikira mwini mudzi mmodzi woti awatsogolere kukadya. Ulendo wake ndi wapansi, wa maola atatu kapena anayi, ndipo m'malo mokhuta m'nyumba imodzi yodyera amalawa pano pang'ono, apo pang'ono, kufikira usiku utakula. Mwezi uno, awerengi okondedwa, tiyeni tiwatsate pambuyo.

Poyamba tidzifunse: munthu wamkulu, wokhala ndi ndalama zake m'thumba, alipiriranji mnzake kuti amuonetse chakudya? Ena adzati chifukwa cha chinenero, pakuti maina a zakudya amalembedwa m'zilembo za Chikoreya zotchedwa Hangul. Nzoona, koma masiku ano foni ya m'manja imamasulira zolembedwazo mosavuta. Ine ndiona kuti chifukwa chenicheni chili pena. Chakudya cha ku Korea sichinakonzedwe kuti munthu adye yekha.

Taonani m'mene thebulo lawo limayalidwira. Aliyense ali ndi kambale kake ka mpunga, supuni ndi timitengo tiwiri tachitsulo todyera. Zina zonse zili pakati. Pali timbale tambiri ta ndiwo zazing'ono zotchedwa banchan, ndipo mwa izo simusowa kimchi, amene ndi masamba a chainizi othiridwa mchere, tsabola ndi adyo, nasungidwa kufikira atasasa. Timbaleti salipiritsa, ndipo tikatha amaonjezera. Nyama ya nkhumba imabwera yaiwisi, ndipo odyawo amaotcha okha pa moto umene uli pakati pa thebulo, naidula ndi sizasi. Nyumba zambiri zootcha nyama sizilola kuitanitsa gawo la munthu mmodzi. Amayambira pa magawo awiri. Tsono mlendo woyenda yekha akalowa, amapeza kuti ali ndi ndalama koma alibe anzake, ndipo theka la zakudya za dzikolo lamtsekekera. Chimene amagula kwa wotsogolera uja, makamaka, ndi anthu odya nawo.

Chinenero chawo chichitira umboni zimenezi. Limodzi la mawu amene amatchulira a pabanja ndi sikgu, ndipo tanthauzo lake ndi "pakamwa pakudya", ndiko kunena anthu amene amadyera mphika umodzi. Akakumana panjira, moni wodziwika ndi kufunsa ngati mnzawoyo wadya mpunga.

Maulendo ambiri otere amadzera mumsika wa Gwangjang, m'dera la Jongno, pafupi ndi kamtsinje ka Cheonggyecheon. Msikawu unatsegulidwa mu 1905, ndipo kwa zaka zambiri unatchuka ndi nsalu. Kufikira lero m'chipinda chapamwamba amagulitsa nsalu ndi zovala. Pansi ndi pamene pali utsi ndi phokoso. Amayi ovala maepuloni aima pakati pa miphika, ndipo odya akhala pa mabenchi aatali mothithikana, phewa ndi phewa, wa suti pambali pa wonyamula katundu.

Choyamba chimene mlendo amamva ndi fungo la bindaetteok. Mphodza zoviikidwa m'madzi amazipera pa mphero yamwala pomwepo anthu akuona, nasakaniza phalalo ndi mphukira za nyemba, kimchi ndi tinyama ta nkhumba, kenaka nkukazinga m'chiwaya cha mafuta ambiri ngati chitumbuwa chachikulu. Chimodzi chimakwanira anthu atatu kapena anayi olawa, ndipo amachigawana chikali chotentha. Kutsogolo pang'ono kuli timipukutu ta mpunga tokulungidwa m'ndere zouma za m'nyanja, totuwira m'msuzi wa mpiru. Amatitcha mayak gimbap, ndipo mayak ndi mawu otanthauza mankhwala ozunguza bongo. Makolo musadzidzimuke: mulibe kanthu kotere, koma akuti ukayamba kudya suleka. Kulinso sundae, matumbo a nkhumba odzazidwa ndi uwende ndi tizingwe ta ufa, ndiponso tteokbokki, timitanda ta ufa wa mpunga tophikidwa m'msuzi wofiira wa tsabola.

Pali ngodya ina pamene alendo amayesedwa mtima. Yukhoe ndi nyama ya ng'ombe yaiwisi, yoduladula motalika, yothiridwa mafuta a chitowe, ndi chikasu cha dzira pamwamba. Sannakji ndi kanyama ka m'nyanja ka miyendo isanu ndi itatu, kamene amakadula kali moyo, kotero kuti tizidutswa take timafika pambale tikuyendayendabe. Apa wotsogolera amachenjeza kuti atafune kwambiri, pakuti timiyendoto timamatirira kukhosi ndipo anthu ena anafapo nato. Wotsogolera wanzeru sakakamiza munthu. Amene amasandutsa ngodya iyi kukhala mpikisano wa kulimba mtima, kuti alendo ajambulane zithunzi akukuwa, ndimuona ngati wachititsa manyazi chakudya cha makolo ake.

Komatu ntchito yaikulu ya wotsogolera ndi kufotokoza, ndipo zimene amafotokoza kawirikawiri ndi za njala. Nkhondo ya ku Korea, kuyambira 1950 mpaka 1953, inasiya mzinda wa Seoul uli bwinja. Mpunga unali wosowa kwa zaka zambiri pambuyo pake, pamene ufa wa tirigu wa thandizo unali kubwera kuchokera ku America. Boma linalimbikitsa anthu kudya za tirigu, ndipo kuyambira 1969 nyumba zodyera zinaletsedwa kugulitsa mpunga masana a Lachitatu ndi Loweruka, lamulo limene linakhala kufikira 1977. M'zaka zimenezo kalguksu, tizingwe ta ufa wa tirigu todulidwa ndi mpeni ndi kuphikidwa m'msuzi, anasanduka chakudya cha munthu wamba. Chakudya china chotchedwa budae-jjigae, kutanthauza ndiwo za kumsasa wa asilikali, chinabadwira pafupi ndi misasa ya asilikali a ku America, makamaka ku Uijeongbu kumpoto kwa Seoul. Anthu anatenga masoseji ndi nyama ya m'zitini yotuluka m'misasamo, naziphika pamodzi ndi kimchi ndi tsabola. Lero mlendo amalipira kuti alawe chimene agogo a wotsogolerayo anadya chifukwa chosowa china.

Mu 2019 kampani ya Netflix inaonetsa kanema wotchedwa Street Food: Asia, ndipo m'gawo la Seoul munali Mayi Cho Yonsoon, amene amagulitsa kalguksu mumsika womwewu. Iwo anafotokoza kuti analowa mumsika kuti abweze ngongole zimene zinagwera banja lawo. Chionekere kanemayo, alendo akhala akundandama pa benchi lawo kudikira malo.

Kutchuka kotereku kuli ndi mtengo wake, ndipo sindifuna kubisa. Mu November 2023 kanema wina wa pa YouTube anaonetsa wogulitsa wina mumsikawu akupereka timagawo tochepa ta zokazinga pa mtengo wa mawon 15,000. Anthu a ku Korea anakwiya kwambiri, ndipo bungwe la amalonda a mumsikamo linamuimitsa malonda kwa masiku 10. Mlendo wa usiku umodzi sadziwa mtengo, sadzabweranso, ndipo sangathe kudandaula m'chinenero cha eni ake. Munthu wotere ndi yesero kwa wogulitsa aliyense. Koma mtengo ukakwera chifukwa cha alendo, amene amayamba kuchoka pa benchi ndi wonyamula katundu uja, amene msikawo unali kumdyetsa kuyambira kale.

Atachoka mumsika, gulu limakakhala pansi m'nyumba yootcha nyama, ndipo apa ndi pamene amaphunzira mwambo. Wamng'ono satola supuni wamkulu asanayambe. Mbale ya mpunga sainyamula m'manja, imakhala pathebulo. Timitengo todyera satizika choimirira mumpunga, pakuti zimenezo zimakumbutsa nsembe za kwa akufa. Polandira kanthu kwa wamkulu, kapena pomthirira chakumwa, amagwira ndi manja awiri, ndipo munthu sadzithirira yekha: ayang'anira kapu ya mnzake, mnzakeyo nayang'anira yake. Nyama ikapsa amaiika pa tsamba la letesi, naonjezera adyo ndi phala la nyemba zosasa, nkukulunga ndi kuponya m'kamwa kamodzi. Mayi amakulungira mwana wake, mwamuna mkazi wake. Anthu amene madzulo omwewo sanali kudziwana maina amapezeka akutembenuzirana nyama kuti isapserere.

Makolo ayenera kudziwa kuti maulendo ambiri otere amakhala ndi mowa. Pali soju, woyera ngati madzi, wa m'mabotolo obiriwira, ndi makgeolli, wa mpunga, wooneka ngati mkaka, umene amakonda kumwera bindaetteok. Ena amathera m'timahema ta m'mbali mwa msewu totchedwa pojangmacha, monga ta pafupi ndi Jongno 3-ga, pamene antchito amamwa akaweruka. Wachinyamata amene adzapita kumeneko pa maphunziro kapena pa ntchito adzapeza kuti kukana kapu yothiridwa ndi wamkulu nkovuta koposa kukana nyama yaiwisi. Njira yake ndi kunena poyambirira pomwe kuti sumwa, ndi kulandira madzi kapena tiyi wa barele ndi manja awiri omwewo. Momwemonso amene sadya nkhumba kapena za m'nyanja anene asananyamuke, pakuti ngakhale kimchi kawirikawiri amathiramo msuzi wa nsomba.

Chimene chandikhudza koposa pa nkhani yonseyi ndi ichi: pamene alendo akulipira kuti apeze odya nawo, eni dziko ambiri akudya okha. Mu 1980 makomo okhala munthu mmodzi ku South Korea sanali kukwana 5 pa 100 alionse. Mu 2023 anali atapitirira 35 pa 100. Ena ndi okalamba amene ana awo anapita kumizinda, ena ndi achinyamata amene sanakwatire ndipo amaweruka mochedwa. Mpaka anapeka mawu atsopano, honbap, otanthauza kudya wekha, ndipo kwabadwa nyumba zodyera zokhala ndi timipando ta munthu mmodzi toyang'ana kukhoma. Ena amayamikira ufulu umenewu, pakuti kudya ndi akuluakulu a kuntchito usiku uliwonse kunali goli lolemera, ndipo sindingawatsutse. Komabe kamphika ka munthu mmodzi sikafuna timbale tambiri ta ndiwo, ndipo palibe wokulungira mnzake nyama.

Cha m'ma 10 koloko usiku ulendo umatha. Wotsogolera amawaperekeza alendo ake pa khomo la sitima, nawauza njira yobwerera kumene agona. Amapatsana manambala a foni, ngakhale ambiri sadzalemberana. Potsika masitepe amadutsa kasitolo kamene sikatseka usiku wonse, ndipo pazenera pake, pa kathebulo kakatali koyang'ana kumsewu, pakhala mnyamata wa mumzinda womwewo wovala taye, akudikira mphindi zitatu kuti madzi otentha afewetse chakudya chake m'kapu yapepala.