Posamuka, mangani katundu ndipo anthu akwere minibasi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanu lino kuti ndidandaule za m'mene timapakirira katundu pa galimoto posamuka kuno ku Mitundu ndi kwa anzathu a ku Nathenje. Ndikulemba ngati munthu amene adalakwapo yekha, tsono wina asaganize kuti ndikumunena.

Mu Ogasiti 2023 mng'ono wanga, yemwe ndi mphunzitsi, adamusamutsa kuchoka pa sukulu ina ya kuno kupita ku sukulu ina ya kufupi ndi Nathenje. Tidachita hayala pikapu ya tani imodzi. Mtengo tidapangana wa ulendo umodzi, choncho tonse tinkafuna kuti zonse zipite kamodzi. Tidayamba kukweza zomwe zidali pafupi ndi khomo, mipando, madengu ndi ziwiya. Matumba a chimanga 14 adatuluka pomalizira chifukwa adali kuchipinda, ndipo tidawaunjika kumbuyo kwenikweni. Pamwamba pake tidagoneka malata 8, kabati tidaiimika m'mbali, nkumanga zonsezi ndi malegeni. Alamu anga ndi ana awiri adakhala pa matiresi, kuseri kwa mutu wa galimoto.

Titangopitirira pa Bunda mbuzi idadumpha msewu, dalaivala nkuponda mabuleki. Galimoto idaima koma malata sadaime. Adatsetsereka kupita kutsogolo nkumucheka mwana wamng'onoyo pa ntchafu, kabati nkugwera alamu pa phewa. Mwanayo adamusoka kuchipatala ndipo lero akuyenda bwino, koma chipsera chilipo. Malata aja akadakwera pang'ono chabe, kalata ino ikadakhala ya maliro.

Dalaivala uja sadali kuthamanga, ndipo mbuzi m'misewu yathu si zachilendo. Vuto lidali lathu opakirafe. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, chilichonse chosamangidwa chimapitirirabe kutsogolo ndi liwiro lomwe chinali nalo. Nchifukwa chake zolemera zonse ziyenera kukhala pansi, zitatsamira mutu wa galimoto, kuti zisapeze mpata wothamangira. Ife tidachita zosemphana. Thumba limodzi la chimanga ndi makilogalamu 50, ndiye matumba 14 aja adali makilogalamu 700 atapanikiza kumbuyo kokha. Kumbuyo kukalemera chotero, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero sichimvera bwino, ndipo usiku magetsi amaloza m'mwamba nkumathobwa oyendetsa anzanu.

Masamu ake ngosavuta. Pikapu ya tani imodzi imakwana ndi matumba 20, opanda bedi, opanda munthu. Lole ya matani atatu ndi matumba 60. Koma ife timawerenga malo otsala, osati kulemera. Pakaoneka kampata timati "ikani mtondo apa". Thumba la fetereza nalonso ndi makilogalamu 50, ndipo anthu akuluakulu atatu amaposa matumba atatu.

Pa malegeni ndiye ndikhalitsepo, poti ndi amene adatipusitsa. Malegeni ngabwino pomanga thumba la makala pa njinga. Pa galimoto amatamuka, ndipo lata likawakhudza ndi kunsonga kwake amaduka ngati ulusi. Chofunika ndi chingwe cholimba, cha khonje kapena cha nayiloni, chomangidwa ku zitsulo za bodi, chodutsa mopingasa komanso chotchinga kutsogolo ndi kumbuyo. Pomwe chingwe chikukhudza lata kapena ngodya ya kabati, ikanipo chiguduli kapena katoni. Malata amangidwe paokha mtolo umodzi nkugonekedwa pansi penipeni, zolemera zikhale pamwamba pake. Kabati igone chagada, matiresi alowe pakati pa zinthu zosweka. Ngati pali chotulukira kumbuyo, monga mapaso kapena zitsulo za bedi, mangiranipo kansalu kofiira kuti wobwera m'mbuyo aone. Ndipo mukatuluka m'msewu wafumbi kufika pa tala, imani mukoke zingwe kachiwiri, pakuti mabampu amakhala atakhazika katundu pansi, zingwe nkulefuka.

Tsopano ndilankhule ndi inu abusa, ansembe ndi akulu a mipingo anzanga. Palibe anthu osamuka kawirikawiri kuposa abusa ndi aphunzitsi. Abusa akamachoka, mpingo umawatsanzika ndi chimanga, mtedza, nkhuku, ngakhale mbuzi, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma mphatso zonsezi zimakakwera pa lole yomwe idapanganidwa katundu wa m'nyumba yekha. Kenako amayi operekeza amakwera pamwamba pa katunduyo, miyendo ili lende, nyimbo ili pakamwa, kukalowa mu msewu wa M1 momwe mumadutsa mabasi a ku Blantyre ndi malole akuluakulu ochokera ku chipata cha Dedza. Timapemphera tisananyamuke, inde, koma sindidaonepo mkulu wa mpingo akuyesa chingwe ndi dzanja pemphero litatha. Ine ndemwe sindinkatero.

Ndikudziwa chomwe ambiri anene: hayala yakwera, mafuta adula, ulendo wachiwiri ndalama zake zichokera kuti? Nzoona. Koma ulendo wa pakati pa Mitundu ndi Nathenje si wa ku Karonga, galimoto ingathe kupita nkubwerako tsiku lomwelo. Kwa ife, ndalama za kuchipatala, za kalipentala wokonza kabati ndi masiku omwe alamu adalephera kupita kudimba zidaposa zomwe tinkakana kulipira. Ngati ulendo wachiwiri walephereka, chimanga china chingathe kutsala kwa achibale nkudzatengedwa mwezi ukatha. Anthu okha akwere minibasi. Mpingo womwe watha kusonkha matumba 30 a mphatso sungalephere kusonkha ya minibasi ya operekeza.

Kwa eni magalimoto, lamulo la pamsewu la 1997 likadalipo, ndipo apolisi akakuimitsani ndi katundu wopyola muyezo kapena wosamangidwa, wofunsidwa ndi inu, osati mwini kabati. Mudziyenda ndi zingwe zanu ndi tenti, ndipo muzikana poyera katundu akachuluka. Dalaivala wathu uja adaona zonse, adangopukusa mutu nkuliza galimoto poopa kutaya kasitomala.

Pempho langa kwa mipingo ya kuno nlakuti pa komiti yotsanzikana ndi abusa pakhale munthu mmodzi woyang'anira za kupakira basi, ndipo mpingo ugule zingwe zake zisungidwe ku vesitili. Kwathu tidagula zinayi chaka chatha, ndipo aphunzitsi a sukulu yoyandikana nafe abwereka kale kawiri.

Mkulu wa Mpingo,
Mitundu,
Lilongwe.