Munthu amene anakonza matailosi osakhudza uvuni

Aliyense amene anawotchapo njerwa amadziwa zimene timapeza uvuni ukazilala. Njerwa za pafupi ndi moto zimakhala zapsa mpaka kuda, zina zapindika, pamene za m'mphepete zimakhala zosapsa bwino, moti mvula ikagwa kawiri zayamba kale kufumbutuka. Dothi ndi limodzi, chikombole n'chimodzi, woumba ndi yemweyo. Chasiyana ndi malo amene njerwa inakhala basi. Timangoti ndi mmene uvuni umakhalira, n'kuika zosapsazo pambali kuti tidzamangire khola la nkhuku.

Mu 1953 kampani ina ya ku Japan yopanga matailosi, yotchedwa Ina Seito, inali ndi vuto lomweli. Matailosi a kunja kwa mulu ankalandira moto wosiyana ndi a m'kati, ndiye ankatuluka osiyana kukula. Tailosi ikaposa inzake ngakhale pang'ono, mmisiri amavutika poyala. Njira yoonekeratu inali kukonzanso uvuni kuti kutentha kuzifika mofanana paliponse, koma zimenezi zikanadya ndalama zankhaninkhani. Mainjiniya a kampaniyo, potsatira njira za katswiri wina wa masamu a ziwerengero dzina lake Genichi Taguchi, anafunsa funso lina: kodi palibe kasakanizidwe ka dongo komwe kangapangitse tailosi kutuluka chimodzimodzi ngakhale itakhala pati mu uvuni? Atayesa mwadongosolo anapeza kuti akawonjezera laimu kuchoka pa 1 peresenti kufika pa 5 peresenti, kusiyanako kumachepa kwambiri. Laimu anali chimodzi mwa zinthu zotsika mtengo mu msakanizowo. Uvuni sanaukhudze.

Nkhaniyi ndikuilembera inu ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, komanso inu makolo amene mumawathandiza kusankha zodzachita. Ana athu ambiri amaona mutu wa Statistics ngati pongokolola malikisi pa mayeso a MSCE: kupeza mean, kujambula girafu, basi. Makolonso tikamva za ntchito ya ziwerengero timangoganiza za kalembera wa anthu. Ine ndikuti tikuiona mopepuka ntchito imene imatha kusankha ngati katundu wa fakitale agulidwe kapena abwezedwe.

Taguchi anabadwa mu 1924 ku Tokamachi, tauni yodziwika ndi kuwomba nsalu, ndipo poyamba anaphunzira za nsalu zomwezo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamudula maphunzirowo. Nkhondo itatha anagwira ntchito ku unduna wa zaumoyo, kumene anakumana ndi katswiri wa ziwerengero Motosaburo Masuyama, amene anamukopa kuti aphunzire kakonzedwe ka zoyesa. Mu 1950 analowa mu labotale ya zamatelefoni ya dziko la Japan, n'kukhalamo zaka 12 akuphunzitsa mainjiniya kuyesa zinthu asanayambe kuzipanga zambiri. Digiri yake ya udokotala anailandira mu 1962 ku Kyushu University, atagwira kale ntchito zaka zambiri. Mu 1980 anapita ku Bell Labs ku America, ndipo posakhalitsa makampani monga Ford ndi Xerox anayamba kugwiritsa ntchito njira zake. Anamwalira mu 2012.

Muzu wa nzeruyi sanaudzale ndi iye. Unachokera kumunda. Ronald Fisher, amene anayamba ntchito pa malo ofufuzira za ulimi a Rothamsted ku England mu 1919, ndiye anaonetsa kuti kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, monga ambiri timaganizira kuti ndiko kusamala, n'kutaya nthawi ndi ndalama. Buku lake la The Design of Experiments linatuluka mu 1935. Amene munafikapo ku Chitedze kapena ku Bvumbwe n'kuona timinda ting'onoting'ono tokhala ndi zikwangwani, mtundu umodzi wa mbewu utabwerezedwa m'malo angapo, munaona nzeru ya Fisher ikugwira ntchito. Taguchi anaitenga nzeruyi n'kuilowetsa m'fakitale.

Kuti timvetse, tiyeni titsike kukhitchini. Mayi wogulitsa mandasi akufuna kudziwa za zinthu zitatu: shuga wochepa kapena wambiri, yisiti wochepa kapena wambiri, ndi nthawi yofufumitsa yaifupi kapena yaitali. Atati ayese kasakanizidwe kalikonse, angakande ufa ka 8. Koma atha kukanda kanayi kokha. Koyamba zonse zikhale zochepa. Kachiwiri shuga wochepa, yisiti wambiri, nthawi yaitali. Kachitatu shuga wambiri, yisiti wochepa, nthawi yaitali. Kachinayi shuga wambiri, yisiti wambiri, nthawi yaifupi. Werengani bwino muona kuti shuga wambiri wapezeka kawiri ndipo wochepa kawiri, ndipo mbali iliyonse yakumana kamodzi ndi yisiti wambiri, kamodzi ndi wochepa. N'chimodzimodzinso ndi zinthu zinazo. Ndiye mkando uliwonse ukuyankha mafunso atatu nthawi imodzi. Zinthu zikakhala 7, kuyesa zonse kungafune maulendo 128, koma ndondomeko yotereyi imangofuna 8. Ku fakitale, kumene kuyesa kamodzi kungatanthauze kuimitsa makina tsiku lathunthu, kusiyana kwa 128 ndi 8 si nkhambakamwa.

Chimene Taguchi anawonjezera, ndipo ndi chimene chimandigwira mtima, ndi ichi. Mayi uja sangalamule moto wa nkhuni. Lero walilima, mawa nkhuni zanyowa. Ndiye mkando uliwonse auphike pawiri, pa moto waukali ndi pa moto wofooka, mwadala, kenako asankhe kasakanizidwe kamene katulutsa mandasi ofanana pa moto wonse uwiri. Sakulimbana ndi moto. Akufuna ufa womwe sudandaula ndi moto. Ndi zomwe zinachitika ndi matailosi aja.

Analinso wouma khosi pa nkhani ya miyezo. Anthu ambiri amati katundu akangokhala m'kati mwa malire ololedwa ndiye kuti ali bwino. Taguchi anakana. Iye ankati kutaya kumayamba katundu akangopatuka pa muyezo weniweni, ndipo kupatukako kukawirikiza kawiri, kutayako kumawirikiza kanayi. Wotaya kawirikawiri si fakitale ayi, koma wogula amene chitseko chake chikugwira kapena batire yake yatha msanga.

Ndisakunamizeni kuti onse anamuwombera m'manja. George Box, amene anagwirapo ntchito ku kampani ya mankhwala ya ICI ku Britain, anavomereza cholinga cha Taguchi koma anatsutsa zina mwa njira zake zowerengera zotsatira, ponena kuti zilipo zosavuta komanso zolondola kuposa zimenezo. Palinso ngozi yoti mukayesa maulendo ochepa, zinthu ziwiri zimene zimagwira ntchito pokhapokha zikakumana zitha kukusokonezani n'kumaoneka ngati chinthu chachitatu. Mu chitsanzo cha mandasi chija, ngati shuga ndi yisiti zili ndi mgwirizano wapadera, mayi uja atha kunamizira nthawi yofufumitsa. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna munthu wophunzira, osati wongokopera tebulo m'buku.

Mwina kholo lina lifunsa kuti, kodi mwana wanga akaphunzira zimenezi adzalembedwa kuti, poti kuno si ku Japan? Funsoli n'lomveka, ndipo sindingalonjeze munthu ntchito. Koma taonani kuti Japan wa nthawi imene Taguchi ankayamba anali dziko losweka ndi nkhondo, la zipangizo zosowa ndi makina otha. Njira zake zinabadwira mu kusowa, pofuna kupanga katundu wabwino ndi zinthu zosadalirika. Ife tili ndi mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, a simenti, sopo, mafuta ophikira ndi chiponde. Onsewa amalimbana ndi zinthu zimene sangazilamule: chinyezi cha dzinja, kutentha kwa Okutobala, mtedza wochokera kwa alimi osiyanasiyana, magetsi othimathima. Maphunziro a Statistics amaperekedwa ku University of Malawi ku Zomba, ndipo khomo lake ndi masamu omwe mukuphunzira m'kalasi panopa.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga a masamu ndi sayansi. Teremu ino isanathe, tiwapatse a Fomu 3 Loweruka limodzi, ufa, shuga, yisiti, mafuta ndi mbaula ziwiri, ina yamoto waukali ina yofooka. Akande kanayi monga ndafotokozera, ayeze mandasiwo ndi rula ndi sikelo, ndipo olawa asauzidwe kuti akudya a mkando uti. Zotsatira tidzazisindikize m'nyuzi ino teremu yamawa. Ufawo ndigula ndine.