UVUNI UMODZI PA MPHAKATI ULIWONSE

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca nyengo ija ndi tsoka la dziko lonse. Boma linati pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene alimi anabzala, pafupifupi 1 miliyoni anapserera m'munda. Ife a ku Rufunsa sitinadikire wailesi kuti itiuze, tinaona tokha cimanga cikufota cisanamasule.

Matumba amene anatayika anawerengedwa. Koma palibe amene anawerenga anthu amene analeka kugona tulo cifukwa ca nkhongole ya feteleza, azibambo amene anayamba kucezera ku kacasu, ndi azimai amene analeka kubwera ku mapemphero cifukwa ca manyazi a usiwa. Mvula inabweranso ndipo mu 2025 dziko linakolola bwino, koma mtima wa munthu sucira tsiku limene nkhokwe yadzala. Ambiri akali kudwala matenda amene timangowachula kuti kuganiza kwambiri.

Ganizo lathu ndi ili: mphakati uliwonse umange uvuni umodzi wa dothi, ndipo usankhe tsiku limodzi pa sabata lophikira buledi ndi mabanzi pamodzi. Ena aseka, ati buledi ndi matenda a maganizo zikugwirizana pati? Tiyeni tione bwino.

Makolo athu anali ndi malo otulira nkhawa. Azimai anali kukumana pamtondo, ndipo nyimbo zosinjira zinali kunena zimene mkazi sakanatha kunena pamaso pa apongozi. Azibambo anali ndi mphala, kumene anali kusema mipini ndi kuluka nsengwa kwinaku akukambirana. Lero cigayo cinatenga nchito ya mtondo. Tikuthokoza, cifukwa misana ya azimai inapuma, koma pacigayo munthu amangoima pamzere, makina akubangula, n'kulipira n'kubwerera kwawo. Mphala nayo inatha m'midzi yambiri. Tinapeza unga wofulumira, tinataya malo oceza, ndipo palibe cimene tinaika m'malo mwake.

Buledi ali ndi khalidwe limodzi limene nsima ilibe: safuna cangu. Mukasakaniza ufa wa tirigu, madzi ofunda, yisiti, mcere, shuga ndi mafuta pang'ono, muyenera kukanda mphindi 10 kapena 15. Ndiye muphimbe ndi nsalu, mudikire ola lathunthu kuti afufume. Mukaumba mabanzi mudikirenso, kenaka alowe mu uvuni pafupifupi theka la ola. Nchito yonse imatenga maola atatu, ndipo nthawi yambiri ndi yongodikira. Palibe amene angacoke, cifukwa moto ufunika woyang'anira. Anthu khumi akakhala pamthunzi akudikira mtanda, nkhani zimayamba zokha.

Tonse tidziwa kuti munthu wa kwathu sakonda kukhazikidwa pampando ndi kufunsidwa kuti cikukuvutani n'ciani. Amayankha kuti ndili bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma manja akakhala pa nchito, maso ali pa mtanda, pakamwa pamatseguka. Ndi mmene zimakhalira potong'ola cimanga kapena posenda nshawa. Komanso munthu amene wakhala miyezi akudziona ngati wacabe, akaona cimene wakanda ndi manja ake cikutuluka mu uvuni, ana akucilimbirana, amabwerera kunyumba ali ndi kanthu kena mumtima.

Izi si nthano za m'mudzi cabe. Mu 2025 bungwe la World Health Organization linatulutsa lipoti lonena kuti munthu mmodzi pa anthu 6 alionse padziko amavutika ndi kusungulumwa, ndipo kusungulumwako kumawononga thanzi la thupi ndi la maganizo. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa nchito ya Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa azigogo kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi kuseri kwa kiliniki. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti patapita miyezi 6, odwala amene anaceza ndi azigogowo anali bwino kuposa amene anangolandira cithandizo ca masiku onse. A Shona amawachula matendawa kuti kufungisisa, kumene ndi kuganiza kwambiri kwathu komwe. Benchi silinacize munthu, cimene cinathandiza ndi khutu la munthu mnzake. Uvuni wathu ukhale benchi lotero.

Tinenetse cinthu cimodzi kuti wina asatimve molakwa. Buledi si mankhwala. Munthu amene akukamba zodzipha, amene waleka kudya ndi kusamba, kapena amene akumva mau amene ena sakuwamva, aperekezedwe ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca St Luke's ku Mpanshya tsiku lomwelo. Cipatala cacikulu ca matenda a maganizo, Chainama Hills, cili ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 150 kucokera ku Mpanshya, ndipo dzina lake tinalisandutsa citonzo. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act m'malo mwa lija la nthawi ya atsamunda, kuti odwala otere alemekezedwe monga wodwala aliyense. Lamulo lili pa pepala, koma amene angaone msanga kuti mnzathu wasintha ndi ife amene timakhala naye. Pamene anthu amakumana sabata ndi sabata, wosowa amadziwika. M'nyumba za alimi muli mankhwala a thonje ndi a tomato, ndipo tonse tinapitapo kumaliro amene tinangonong'onezana kuti tikadadziwa. Tsiku lophika ndi njira imodzi yodziwira.

Tsopano tiyankhe amene ali ndi cikaiko, pakuti mafunso ao ndi omveka.

Ena akuti ufa wa tirigu ndi wodula. Ndi zoona. Tirigu wa dziko lino amalimidwa ndi madzi othirira m'mafamu akuluakulu monga a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, osati m'minda yathu. Koma tingasakanize ufa wa tirigu ndi mbatata yophika yokanyakanya, maungu kapena ufa wa cinangwa pang'ono, buledi n'kukomabe. Ndipo sabata imene thumba lakana, cigumu ca unga wa cimanga ndi nthoci zakupsa sicifuna tirigu ngakhale supuni imodzi. Cofunika ndi cakuti tsikulo lisaphonye.

Ena akuti nkhuni. Amene amayenda mumseu wa Great East amaona matumba a makala ali ndandanda kucokera ku Chongwe mpaka kuno kwathu, ndipo adziwa kumene mitengo yathu ikupita. Uvuni wa njerwa womatidwa ndi dothi la pa culu umasunga kutentha nthawi yaitali. Moto umodzi wa nthambi zouma ndi zitsononkho umaphika mathireyi angapo motsatizana, kusiyana ndi mabanja khumi aliyense ndi mbaula yake.

Azibambo ena akuti kuphika ndi kwa akazi. Nanga m'mabekari a ku Lusaka amakanda ndani? Kuumba njerwa, kumanga uvuni, kuwaza nkhuni ndi kukanda mtanda wa makilogalamu 10 zifuna mphamvu. Ndipo kunena zoona, amuna ndiwo amafa ndi nkhani m'mimba. Mphakati umene udzasiya amuna kunja udzakhala utasiya odwala enieni.

Koma ngozi yaikulu ndi ndalama. Taona timagulu tambiri tikuyamba ndi pemphero n'kutha ndi mlandu kwa amfumu. Kugulitsa sikoipa. Ku Mpanshya, mudzi wa okalamba wa Mulele unayambitsa malo ophikira buledi kuti ndalama zake zithandize kusamala agogo osowa owasunga. Koma uvuni wa mphakati ukangosanduka bizinesi, oyamba kuthamangitsidwa adzakhala omwe aja tinaumangira: wamasiye wamanja olemera, mnyamata amene akuyesa kuleka mowa, gogo amene amaiwala mcere. Adzauzidwa kuti akucedwetsa nchito. Conco tigwirizane malamulo atatu tisanaumbe njerwa yoyamba. Loyamba, zogulitsa zikhale zongobweza ndalama ya ufa ndi yisiti, ndipo buku liwerengedwe pamaso pa onse. Laciwiri, aliyense amene wabwera apatsidwe cocita ndipo abwerere ndi banzi, ngakhale sanasonkhe. Lacitatu, zokambidwa pa uvuni zithere pa uvuni. Wamiseche mmodzi akhoza kuzimitsa moto umene anthu makumi awiri anakoleza.

Kwa ife Akatolika nkhani iyi si yacilendo. Maepiskopi a AMECEA, kuphatikizapo a ku Zambia, anagwirizana m'zaka za m'ma 1970 kuti Mpingo uzike mizu m'miphakati, kumene akhristu amadziwana maina ndi mavuto. Miphakati yambiri lero inatsala ya zopereka ndi zilengezo. Tikumbuke ophunzira awiri aja a ku Emmaus. Anali kuyenda ali okhumudwa, Ambuye anayamba ndi kuwamvetsera panjira, ndipo anawazindikira ponyema mkate. Koma uvuni usakhale ndi cipembedzo. Wa Reformed Church, wa Seventh Day, wa Pentekosite ndi amene sapemphera konse, onse ali ndi mitima yotopa cimodzimodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Abale ndi alongo, njerwa zimauma bwino mvula isanagwe. Pamsonkhano wa mphakati ukubwerawu, musanakambe za uvuni, yambani mwachula maina a anthu amene simunawaone kwa miyezi itatu. Tsiku loyamba kuphika, musawatumizire banzi kunyumba. Tumani munthu akawatenge, muwapatse beseni ndi ufa, akande nao.