Tulo Si Ulesi

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana wokonda kugona ndi waulesi. Makolo ena akaona mnyamata kapena mtsikana akuvutika kudzuka m'maŵa, amamukalipira. Nawonso ophunzira ena, mayeso akayandikira, amachezera usiku wonse akuŵerenga pa nyali. Maganizo otereŵa ndi olakwika, pakuti thupi limafuna tulo monga momwe limafunira chakudya ndi madzi.

Madokotala akhala akufufuza nkhani ya tulo kwa zaka zambiri. M'chaka cha 2016, bungwe la madokotala oona za tulo ku America lidalangiza kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12 tsiku lililonse, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Choncho wophunzira wa Sitandade 5 amene amadzuka 5 koloko m'maŵa ayenera kukhala atagona pofika 8 koloko usiku.

Pamene mwana ali m'tulo tofa nato, thupi lake limakhala pa ntchito. Nthaŵi imeneyi limatulutsa michere yokulitsa mafupa ndi minofu. Ubongo nawonso umasanja ndi kusunga zimene mwanayo waphunzira masana, monga momwe mlimi amatutira chimanga m'nkhokwe. Wophunzira amene wachezera pa buku amayamba mayeso mutu uli wolemera, ndipo zimene adaŵerenga zimamuthaŵa. Akuluakulu adanena zoona kuti kuthamanga si kufika.

Katswiri wina wa ku America, Mayi Mary Carskadon, adafufuza tulo ta achinyamata kwa zaka zambiri. Iwo adapeza kuti mwana akamatha msinkhu, tulo timayamba kumufikira mochedwa usiku, ngakhale atapita pa mphasa msanga. N'chifukwa chake kudzuka m'mamaŵa kumamuvuta. M'chaka cha 2016, sukulu za sekondale za mumzinda wa Seattle ku America komweko zidasintha nthaŵi yoyambira maphunziro kuchoka pa 7:50 kufika pa 8:45. Ofufuza adapeza kuti ophunzira adayamba kugona mphindi 34 zoonjezera, ndipo adayamba kukhoza bwino m'kalasi.

Kuno ku Malaŵi ana ambiri amalaŵirira kukatunga madzi, kusesa pabwalo kapena kuyenda mtunda wautali kupita kusukulu. Ntchito zimenezi n'zofunika, ndipo mwana ayenera kuthandiza makolo ake. Koma popeza nthaŵi yodzukira singasinthe, ndi bwino kusamala nthaŵi yogonera. Makolo aonetsetse kuti chakudya chamadzulo chapsa msanga. Mwana aŵerenge dzuŵa lisanaloŵe, apewe tiyi wamadzulo, ndiponso asataye nthaŵi pa foni kapena ku kanema, chifukwa zimenezi zimathaŵitsa tulo.

Mwana wogona mokwanira amakula bwino, sakwiya msanga, ndipo samaodzera mphunzitsi akamaphunzitsa. Kholo lisanamutche mwana wake waulesi, liyambe laŵerenga maola amene mwanayo wagona.

Mafunso

1. Kodi mwana wa zaka 11 ayenera kugona maola angati?
2. Tchulani zinthu ziŵiri zimene zimachitika m'thupi munthu akagona.
3. Kodi Mayi Carskadon adapeza chiyani?
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "kuthamanga si kufika".