Nchito Yokonza Zithunzi: Ticotse Ciani, Tisiye Ciani?

Anzanga a Fomu 4, masiku otsiriza sukulu ayandikira, ndipo yense alingalira za nchito imene adzagwira. Ambiri achula uphunzitsi, unamwino ndi ukalaliki. Ine ndifuna kunenapo za nchito ina imene sichulidwa kawiri-kawiri, ndiyo yokonza zithunzi za anthu oonetsa zobvala, zisanasindikizidwe m'magazini kapena pa zikwangwani za malonda.

Nchito imeneyi si yatsopano ai. Kale amisiri anali kusalaza nkhope pa filimu ndi pensulo yosongoka. Kuyambira caka ca 1990, pamene kampani ya Adobe inayamba kugulitsa Photoshop, imene anapanga Thomas Knoll ndi mbale wace John, nchitoyi inasamukira pa kompyuta. Wojambula akatha mbali yace, atumiza zithunzi kwa wokonza. Iyeyu acotsa fumbi ndi makwinya a pa nsaru, awalitsa pamene pada, nadetsa pamene pawalitsa, ndipo ayang'anira kuti mtundu wa diresi pa cithunzi ufanane ndi wa diresi lenileni, kuti wogula asanyengedwe.

Wofuna kuyamba asowa diso lakuthwa ndi mtima wodekha, pakuti cithunzi cimodzi cikhoza kutha maola ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzire kujambula ndi dzanja, kuti adziwe magwedwe a kuwala pa nkhope ya munthu. Apemphe zithunzi zosakonza kwa ojambula, ayeserepo, nasunge zokoma zace zoonetsa kwa olemba nchito, ciri conse pamodzi ndi m'mene cinaliri poyamba. Ambiri ayamba monga othandiza cabe, pa malipiro ocepa. Ndipo popeza zithunzi ziyenda pa intaneti, munthu akhoza kukhala kuno kwathu nagwirira nchito wojambula wa ku Johannesburg kapena ku London, malinga magetsi akhale odalirika.

Koma nchitoyi iri ndi msampha wace. Dzanja lomwelo locotsa ciphuphu likhozanso kucepetsa ciuno, kutalikitsa miyendo ndi kuyeretsa khungu. Mu November 2017 cithunzi ca Lupita Nyong'o, mkazi wa ku Kenya wochuka m'mafilimu, cinaturuka pa cikuto ca magazini ya Grazia ku Britain, tsitsi lace lina atalicotsa, lotsalalo atalisalaza. Mwini wace anadandaula poyera, ndipo wojambulayo anapepesa. Maboma ena aciona ici. Ku France, kuyambira pa 1 October 2017, cithunzi ca malonda cimene thupi la munthu laonjezedwa kapena kucepetsedwa ciyenera kulembedwa mau oulula kuti cinakonzedwa. Dziko la Norway linayamba kutsata lamulo lofanana nalo mu 2022.

Ena adzati, “Wokonza ndi wanchito cabe, akakana zimene wauzidwa, nchito ipita kwa wina.” Mau amenewa ali ndi coona cace, pakuti njala siidziwa manyazi. Komatu taganizani za mlongo wanu wa Fomu 1 amene ayang'ana cithunzi cotere, nadziyang'ana pa kalirole, nayamba kunyoza khungu lace ndi kufuna mafuta oliyeretsa. Iye apikisana ndi munthu amene kulibe pa dziko lonse. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cifukwa cace maganizo anga ndi awa: wokonza acotse zimene zikadacoka zokha patapita masabata awiri, monga ciphuphu, maso ofiira ndi tulo, kapena ulusi wolendewera pa malaya, koma asiye zimene munthu anabadwa nazo, ndizo mtundu wa khungu, tsitsi, mphuno ndi msinkhu. Ndipo auze womlemba nchito malire amenewa asanapangane za mtengo, pakuti kukana pambuyo polandira ndalama n'kobvuta.

Amene mwa ife ali ndi luso la manja asaiope nchitoyi. Afunika amisiri odziwa kukongola kwa khungu lakuda, amene sadzaliyesa cirema cofuna kukonza.