CHENJEZO KWA ANTHU A KU CHONGWE: Musazulitse dzino paliponse

Abale ndi alongo a ku Kanakantapa, Chalimbana, Kasisi ndi inu a m'tauni m'mbali mwa Great East Road, dzino likakugonetsani m'maso usiku wonse, chonde musayasamulire munthu aliyense amene wangotulutsa pulayala ndi jakisoni m'chikwama.

Kuzula dzino ndi opaleshoni, ngakhale ndi yaing'ono. Magazi amatuluka, chitsulo chimafika pafupa. Tayang'anitsitsani chozulira mano: polumikizira zitsulo zake ziwiri pali kampata, ndipo m'menemo ndi mmene magazi a munthu amene anazulidwa m'mawa amaumira. Thonje la spiriti silifikamo. Kuviika m'kapu ya madzi otentha n'kudzinamiza chabe. Kachilombo ka hepatitis B, kamene kamawononga chiwindi, kamakhalabe ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku 7, mwinanso kuposa.

Ambirife timangoopa HIV. Koma munthu akabayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a wodwala, amene amatenga HIV ndi pafupifupi 3 pa 1,000 alionse, pamene hepatitis B imatha kugwira 30 pa 100. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2016 anapeza kuti m'Zambia muno akuluakulu oposa 5 pa 100 alionse ali ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo ambiri amayenda bwinobwino osadziwa. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2005, choncho ife obadwa kale ambiri tilibe chotiteteza. Matendawa sathamanga. Amabisala zaka, kenako maso achita chikasu, mimba yatupa, pamudzi n'kuyamba kulozana zala za ufiti, dzino lija litaiwalika kalekale.

Musaganizenso kuti chikwangwani chokongola ndi jasi loyera ndi umboni wa ukhondo. Mu 2013 ku Tulsa, m'dziko la America, anthu pafupifupi 7,000 anaitanidwa kukayezetsa magazi chifukwa dokotala wa mano kumeneko ankagwiritsa ntchito zida zosaphikidwa bwino, zina zadzimbiri, ndipo mmodzi anapezeka kuti anatengera hepatitis C pampando wa dokotalayo.

Zida za mano zimatsukidwa kaye, kenako n'kuphikidwa mu autoclave, chimphika chotseka chimene nthunzi yake imafika madigiri 121 kapena 134. Zimatuluka zili m'kapepala komata, kokhala ndi kachizindikiro kamene kamasintha mtundu zikapsa. Kapepalako katsegulidwe inu mukuona. Singano ya mankhwala ochititsa dzanzi ikhale yatsopano. Wokuthandizaniyo asambe m'manja, avale magolovesi atsopano ndi chotseka pakamwa. Akagwira foni kapena ndalama ndi magolovesi omwewo, nenani mwaulemu kuti, "Pepani adokotala, tasinthani magolovesiwo." Wodziwa ntchito yake sakwiya nazo. Funsaninso satifiketi ya Health Professions Council of Zambia. Aliyense wogwira ntchito ya mano m'dziko muno ayenera kukhala nayo.

Makolo, dzino la mwana likavuta, musalole lezala kapena chisongole cha njinga kukhudza nkhama zake. Kafumbata amalowera pabala ngati lomwelo.

Ngati mwazulitsa kale pamalo okayikitsa, musadikire kudwala. Pitani lero lomwe kukiliniki ya kwanu kapena ku Chongwe District Hospital, mukafotokoze zonse osabisa. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amathandiza akayambidwa maola 72 asanathe, ndipo katemera wa hepatitis B amafunikanso msanga, makamaka tsiku loyamba. Koma ngati pansi pa chibwano patupa, thupi latentha, mukulephera kumeza malovu kapena kupuma bwino, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto usiku womwewo, chifukwa chotupa chotere chimatha kutseka kholingo m'maola ochepa.