Viola Davis sanatchuke lero n'lero

Anzanga, tikamaonera Viola Davis akulira mu Fences, mamina ali chuchuchu, timaiwala kuti mayiyu anakulira mu umphawi wadzaoneni ku Central Falls, Rhode Island, m'nyumba yodzaza makoswe. Anamaliza maphunziro a zisudzo ku Juilliard mu 1993, koma dziko linamudziwa bwino mu 2008, ali ndi zaka 43, chifukwa cha mphindi zochepa chabe mu filimu ya Doubt, pamaso pa Meryl Streep. Komatu pa siteji anali katswiri kale, Tony yoyamba anaipata mu 2001.

Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti mu 2018 ananena poyera kuti amanong'oneza bondo ndi The Help, filimu imene inamukweza, poti sinamveketse mawu a amayi akuda ogwira ntchito zapakhomo. Apa n'kuti Oscar atalandira kale, mu 2017, ndi Fences yomwe ija.